Mutu 7: Mayere a Pakhomo la Khoti

1. Malume aletsa

Tsiku loyamba la mlandu wa Haruomi Kuramochi, mlongo wake Ikumi anavala yunifolomu ya sukulu monga mwa nthawi zonse. Koma m'chikwama chake munalibe buku. Munali ambulera basi.

Anatsika masitepe mwakachetechete. Pansipo ndi pamene panali shopu ya malume ake, a Tokuji Nezu, opanga tofu, chakudya choyera chofewa chopangidwa ndi soya. Iye ankayesa kuti ali kuseri akuphika soya. Anawapeza ali pafupi ndi khomo, manja ali m'madzi ozizira, akudula tofu.

"Sukulu yanuyo yayamba liti kudzuka pamodzi ndi atambala?" anafunsa osacheuka.

"Lero ndi gulu lathu losesa m'kalasi, malume."

"Kusesa! Chipinda chako chomwe chimakukanika, ndiye ukasese cha boma? Khala apo."

Ikumi anakhala pa thumba la soya.

Kusukulu ankamudziwa kuti ndi Ikumi Nezu, dzina la kwa amayi ake. Dzina la bambo ake, Kuramochi, linali litanunkha dziko lonse. Analinunkhitsa ndi Haruomi, mwana wanzeru uja, woyamba m'banjamo kuponda ku yunivesite, kumene anaphunzira sayansi yosakaniza mankhwala. Atatsala pang'ono kumaliza analowa chipembedzo cha Khomo Loyera, n'kupita kumapiri kukakhala ndi mtsogoleri wawo, amene ankamutcha Mbuye Wakuwala. Nthawi imeneyo Ikumi anali akadali ku pulayimale.

M'mawa wina anthu a chipembedzocho anatulutsa mpweya wapoizoni m'sitima ya pansi pa nthaka ku Tokyo, anthu akupita ku ntchito. Ena anafa, ambiri analumala. Apolisi anati mpweyawo anaupanga ndi Haruomi.

Atolankhani anazinga nyumba yawo. Bambo ake a Ikumi anatuluka, n'kugwada pamsewu, n'kugunditsa chipumi pansi pamaso pa makamera onse. Sizinathandize. Ntchito inatha, nyumba anaigulitsa, ndipo Ikumi anamutumiza kwa malume. Haruomi kundendeko anakana kuonana ndi aliyense wa kwawo.

A Tokuji anapukuta manja pa epuloni.

"Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma anthu ndimawadziwa. Tofu wangayu amagula ndi azimayi a m'khwalala lino. Tsiku limene adzadziwe kuti mtsikana amene amawakulungira tofu Loweruka ndi mlongo wa wopanga poizoni, palibe amene adzaikenso chakudya cha m'nyumba muno pakamwa pa mwana wake. Sadzakutukwana ayi. Adzakupatsa moni wabwino, kuwerama bwinobwino, n'kukagula kwina. Anthu athu amapha ndi ulemu. Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola, ndipo palibe amene amanunkhiza imodziimodzi kuti aone yabwino.

"Ndiye uko ukupitako kuli afisi. A nyuzipepala akamva fungo la dzina lako, mawa nkhope yako ili m'sitima iliyonse. A chipembedzo chija nawo sanathe, amayendabe ndi timabuku tawo, akumwetulira ngati anamwino. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mchimwene wakoyo sanamugwire ndi mfuti. Anamugwira pomuuza kuti ndi wanzeru kuposa aphunzitsi ake, iye n'kukhulupirira. Munthu akakuyamikira kwambiri, ugwire chikwama chako, ugwirenso mutu wako."

"Ndikungofuna kuwaona nkhope, malume. Ndimve ngati apepese."

"Akapepesa, akufa aja adzuka?"

"Ayi."

"Nanga akapanda kupepesa?"

Ikumi anakokera chikwama chake pafupi.

"Waona. Iwe wemwe sukudziwa chimene ukukafuna."

Anabwerera ku madzi awo. Ikumi ananyamuka. Atafika pakhomo, kaphukusi kanamugunda pamsana n'kugwa pansi. Munali mipira iwiri ya mpunga wophika.

"Sikuti ndakulola," anatero a Tokuji. "Ukakafika, ukakhale mwala. Mwala ulibe dzina."

2. Mzere wa m'paki

M'chipinda cha khoti mipando inali yochepa, koma ofuna kulowa anadzaza paki yonse ya tsidya la msewu. Pa milandu yotere khoti limachita mayere. Aliyense amalandira kapepala ka nambala, ndipo amene nambala yake yatuluka ndiye amalowa.

Ambiri pamzerewo anali ana a ku koleji amene nyuzipepala ndi makanema anawalemba ganyu yoima pamzere, kuti wina akawina apereke mpandowo kwa mtolankhani. Kwa iwo maliro a anthu anali ganyu ngati ina iliyonse.

"Ukawina undigulire mbale ya ramen," anatero mnyamata wina kumbuyo kwa Ikumi, kuuza mnzake.

"Ine? Nkhope yangayi sinawineko ngakhale sopo."

"Ndiye waimiranji pamzere? Ukutilodza tonse."

Anaseka. Mvula inayamba kuwaza.

Kutsogolo kwa Ikumi kunali mayi wamfupi wa imvi, atanyamula chikwama chodzadza ndi matawulo. Analibe ambulera. Ikumi anatsegula yake n'kuipendeketsa kuti iwafundenso.

"Zikomo, mwanawe. Ndine mayi Hosoda." Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato. "Yunifolomu imeneyi nthawi ino? Nawenso ndiwe wa ganyu?"

Ikumi anakumbukira mwala.

"Inde, mayi."

"Amayi ako akudziwa?"

"Ayi."

"Ndinadziwa." Mayiwo anapukusa mutu. "Ndikuuze kanthu, poti wandifunditsa. Mwana wanga Sonoko ankagwira ntchito m'sitolo ya magalasi a maso. Sabata imeneyo inali yake yotsegula sitolo, ndiye anakwera sitima yoyambirira kuposa masiku onse. Anachoka osamaliza tiyi. Lero ali chigonere m'chipatala. Salankhula, saona, kudya amadyera m'kapaipi. Matawulowa ndi ake, ndimachapa ndekha chifukwa sopo wa kuchipatala amamuyabwa. Mnyamata amene ankafuna kumukwatira anabwera kwa miyezi ingapo, kenaka anayamba kutumiza maluwa, kenaka maluwa omwewo anasiya. Sindimuda. Anthu amatopa.

"Ndiye iwe ukuima pano ngati ukudikira matikiti a kanema. Sindikukunena wekha, onsewa ndi chimodzimodzi. Koma uzidziwa kuti mpando umene ukugulitsawo pali munthu amene akuufuna ngati madzi. Mipando ya ofedwa ilipo ingapo, koma akuti ndi ya amene abale awo anafa. Wanga sanafe. Ndiye ndiime pamzere pamodzi ndi a ramen."

Mnyamata wa kumbuyo uja anatsokomola n'kuyang'ana kumbali.

"Milandu ya anzake a m'chipembedzo aja ndinabwera, mayere n'kundikana," anapitiriza mayiwo. "Koma amenewo anali manja chabe. Walero uyu ndiye mutu. Anakhala pampando, atavala chovala choyera, n'kumayeza bwinobwino ngati wophika. Ndinamulonjeza Sonoko kuti ndikamuyang'ana munthu ameneyo m'maso, ndidzamuuze kuti ndi wotani. Ngati ali ndi manyazi, ndidzamuuze. Ngati alibe, ndidzamuuzenso."

Ambulera inapendekeka m'dzanja la Ikumi, ndipo madzi ake anadonthera paphewa la mayiwo.

"Ukuzizidwa? Ana a masiku ano, kuvala kuti muoneke osati kuti mufunde."

Ikumi anatulutsa mipira ya mpunga ija, osadziwa kuti akuchitiranji zimenezo. Mayi Hosoda anatenga umodzi.

"Wakuumbira ndani? Manja a mwamuna awa, wafinya ngati akuumba njerwa."

Anadya wonse.

3. Nambala ituluka

Wantchito wa khoti anamata chipepala cha manambala pa bolodi. Anthu anakankhana. Ikumi anayang'ana kapepala kake, n'kuyang'ana pa bolodi, n'kuyang'ananso kapepala. Nambala yake inalipo.

Mayi Hosoda anayendetsa chala m'mwamba kutsika mzere uliwonse mpaka pansi. Kenaka anapinda kapepala kawo n'kukaika m'chikwama cha matawulo.

"Basi. Ndinazolowera."

Atacheuka anaona nkhope ya Ikumi.

"Wawina?"

Ikumi anagwedeza mutu.

Pa tebulo la khoti anamupatsa tikiti yolowera. Asanayende patali, bambo wina wa kansalu ka nyuzipepala pamkono anamutsekera njira.

"Kamtsikana, ndiwe wathu? Bwera nayo kuno."

"Sindine wanu."

"Ndiye ndiwe wa yani? Usavutike, chimene akukupatsa iwowo ife tiwonjezera. Fulumira, nthawi yatha."

"Dikirani, bambo." Anali mayi Hosoda. Anaika chikwama chawo pa udzu wonyowa. Anaima patsogolo pa Ikumi, n'kulumikiza mapazi, n'kuika manja pa maondo, n'kuwerama mpaka msana unagona ngati tebulo.

"Mwanawe, ndakulankhula mokalipa, undikhululukire. Ndine nkhalamba, ndikukupempha. Undipatse ine tikitiyo. Chimene ungataye kwa mabwana ako ndidzakubwezera. Chonde."

Sanadzuke. Mvula inkagwa pakhosi pawo, pamene tsitsi la imvi linathera.

Kuwerama kuli ndi malamulo ake, ndipo mwana aliyense amawadziwa asanadziwe kuwerenga. Wamkulu sawerama motero pamaso pa mwana wa sukulu. Komanso wolakwiridwa sawerama pamaso pa nyumba imene inamulakwira. Ikumi anaona mutu wa imviwo uli pansi pa chibwano chake, ndipo zonse za malume zinamuthawa. Thupi linachita lokha.

Ambulera inagwa. Anagwada m'matope, n'kuyala zikhatho pansi, n'kugunditsa chipumi pa nthaka monga anachitira bambo ake pamsewu paja.

"Pepani! Pepani, mayi! Pepani!"

Munthu wopereka tikiti sagwada choncho. Ngakhale wokana kupereka sagwada choncho. Kugwada kumeneko n'kwa munthu amene nyumba yake yakhetsa magazi, ndipo aliyense m'pakimo anakuzindikira. Anyamata a ramen anasiya kuseka. Bambo wa nyuzipepala uja anabwerera m'mbuyo pang'ono, maso akuwala, n'kukodola mnzake wa kamera.

Mayi Hosoda anaweramuka pang'onopang'ono.

"Dzuka."

Ikumi sanadzuke.

"Ndati dzuka! Ndiwe mwana wa yani iwe?"

"Ndine Ikumi Kuramochi," anayankha, pakamwa pali pafupi ndi matope. "A Haruomi ndi achimwene anga."

4. Mphatso ikanidwa

Mayi Hosoda anatola ambulera ija n'kuiloza pa kamera ngati mkondo.

"Chokani apa, akhwangwala inu! Simunakhute?"

Anamugwira Ikumi pakolala, n'kumudzutsa, n'kumukoka mpaka pa benchi ya kuseri kwa mitengo. Dzanja lawo linali lolimba ngati la mwamuna.

"Usayese kuti ndakumvera chisoni. Sindikufuna nkhope yanga ioneke pa kanema pamodzi ndi yako."

Ikumi anatambasula manja onse awiri, tikiti ili pamwamba.

"Landirani, mayi. Ndi yanu."

Mayiwo anaiyang'ana. Zala zawo zinasuntha, kenaka anazibisa m'khwapa.

"Ayi."

"Koma mwandipempha nokha."

"Ndinapempha mwana wa ganyu. Sindinapemphe Kuramochi. Bambo ako anabwera kunyumba kwanga atavala suti yakuda, atanyamula bokosi la makeke. Anaima pakhomo mpaka dzuwa linapendeka. Sindinatsegule. Ukudziwa chifukwa chake? Ukangolandira ngakhale keke imodzi, loya wawo amaimirira m'khoti n'kunena kuti banja la a Hosoda lalandira chipepeso, mitima yawo yayamba kufewa, choncho oweruza achepetseko chilango. Keke imasanduka umboni. Anzanga ena analandira chifukwa cha ulemu chabe, poopa kumusiya munthu wamkulu ali chiimire panja, ndipo lero akulira. Ndiye poti makeke analephera, atuma mwana ndi ambulera?"

"Sanandituma. Sakudziwa n'komwe kuti ndili kuno."

"Aliyense amatero."

"Sindinkakudziwani, mayi. Ndinangoona kuti mukunyowa."

"Ndipo ndadya mpunga wanu." Mayi Hosoda anapukuta pakamwa ndi kumbuyo kwa dzanja, kawiri. "Mpunga wanu uli m'mimba mwanga."

Tsidya la msewu wantchito wa khoti anayamba kuitana kuti a matikiti alowe. Ikumi anayang'ana kumeneko, n'kuyang'ana mayiwo, n'kuyang'ana tikiti. Kulowa kunali kuwabera mpando. Kuwapatsa kunali kuwatchera msampha. Kuing'amba kunali kuwabera onse awiri.

"Ndiye nditani nayo?" anafunsa Ikumi. "Ndiuzeni, nditani?"

"Unabwerera chiyani iweyo?"

"Kudzaona ngati apepese."

Mayi Hosoda anaseka kamodzi, kuseka kosaonetsa mano.

"Ndiye tabwerera chimodzi." Anakhala pa benchi n'kuika chikwama pamiyendo. "Lowa. Umuyang'anitsitse. Uone maso ake, uone manja ake, umve chilichonse chimene anene. Ukatuluka undipeza pompano, undiuze. Sindikulandira kanthu kwa iwe, wamva? Ndikukutuma. Ndipo wandinamiza kale kamodzi lero. Kachiwiri ayi."

5. M'khoti

Pakhomo anamusecha chikwama. Mlonda anayang'ana matope a pa maondo ake ndi pa chipumi, n'kumulola kulowa. Ikumi anakhala mzere wa kumbuyo, pakati pa atolankhani awiri onunkha fodya.

Oweruza atatu analowa, anthu onse n'kuimirira, n'kuwerama, n'kukhala. Kenaka chitseko cha m'mbali chinatseguka. Alonda awiri analowa ndi munthu woonda, wa tsitsi lofika m'mapewa, unyolo m'manja, chingwe m'chiuno, masilipasi a pulasitiki kumapazi.

Poyamba Ikumi anayesa kuti abweretsa munthu wina. Anamuzindikira ndi kayendedwe. Phewa la kumanzere linali lotsikabe, monga linkakhalira ndi chikwama cha mabuku.

Wozengedwa mlandu akalowa amawerama kwa oweruza. Amene mtima ukumupweteka amatembenukanso n'kuwerama kwa ofedwa. Chipinda chonse chinadikira. Zolembera zinaima m'mwamba.

Haruomi anadikira kuti amumasule unyolo, n'kukhala pansi.

Woweruza wa pakati anamuitana kutsogolo.

"Dzina lanu ndinu Haruomi Kuramochi?"

"Dzina limenelo ndinalisiya. Mbuye anandipatsa lina."

"Ntchito yanu?"

"Ndine wophunzira wa Mbuye Wakuwala."

"Kwanu n'kuti?"

"Ndilibe kwathu. Ndilibe abale."

Mawuwo anali omwe aja. Ofatsa, aulemu, osathamanga, mawu amene ankamuphunzitsa Ikumi masamu pa tebulo la kukhitchini, n'kumati, "Usaope, tiyambirenso." Ikumi ankayembekezera kumva mawu a chilombo kapena a munthu wosweka mtima. Awa sanadziwe powaika.

Woimira boma anaimirira n'kuyamba kuwerenga mlandu. Anawerenga maina a akufa, kenaka a ovulala, dzina ndi zaka, dzina ndi zaka. Panali wogulitsa nyuzipepala, panali mphunzitsi, panali agogo amene ankapita kukaona mdzukulu. Mzere wa kutsogolo wina anayamba kulira motsitsa. Haruomi anali atatsinzina, milomo ikuyenda ngati akupemphera.

"Sonoko Hosoda."

Ikumi anakweza khosi. Pa nthawi yomweyo, kapena dzina limodzi pambuyo pake, Haruomi anakweza mkono n'kupukuta kumaso ndi malaya. Anatsitsa mkono, milomo n'kuyambanso kuyenda. M'chipindamo munkatentha. Mtolankhani wa kumanja kwa Ikumi nayenso ankapukuta khosi ndi kansalu.

Maina atatha, woweruza anafunsa ngati wozengedwa ali ndi mawu pa mlanduwo.

"Ndinapatsidwa ntchito, ndinaigwira," anatero Haruomi. "Kumene zinapita sindinafunse. Wophunzira safunsa. Mbuye amaona zimene ife sitiona."

"Mukuvomera kapena mukukana?"

"Ndanena zimene ndanena."

Bambo wina wa mzere wa kutsogolo anaimirira. "Bweza mkazi wanga, galu iwe!" Alonda anamukhazika pansi.

Pomaliza anamumanganso unyolo ndi chingwe. Akutuluka anayendetsa maso pa anthu, mzere ndi mzere. Atafika pa Ikumi maso aja anaima. Ikumi ananyamuka pang'ono pampando. 

Haruomi anamuyang'ana pachipumi, pamene matope anaumira. Mwina anamuzindikira. Mwina ankangodabwa kuti mwana wa sukulu wauve chonchi walowa bwanji m'khoti. Mlonda anakoka chingwe, chitseko n'kutsekeka.

6. Pa benchi

Khotilo linali ndi khomo lina la kumbuyo, loyang'ana ku siteshoni. Atolankhani ambiri anathamangira kumeneko. Ikumi anaima m'khonde, anthu akumuwomba mapewa. Kenaka anatulukira khomo la ku paki.

Mvula inali itakata. Anthu a mayere anali atapita, n'kusiya timapepala ta manambala mbwee pa udzu. Mayi Hosoda anali pa benchi pomwe paja, ambulera ya Ikumi itapindidwa bwinobwino kumapeto kwa benchi, kutali ndi iwo.

"Nena."

Ikumi anaima patsogolo pawo, manja m'mbali, ngati pamaso pa ahedi.

"Aonda. Tsitsi lakula."

"Sindinakutume kwa ometa. Anawerama?"

"Ayi."

"Ngakhale kwa oweruza?"

"Ngakhale kwa oweruza."

"Anapepesa?"

"Ayi. Anati anapatsidwa ntchito n'kuigwira. Anati wophunzira safunsa."

Mayiwo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamva mtengo wa chinthu chimene ankaudziwa kale.

"Dzina la mwana wanga analiwerenga?"

"Analiwerenga."

"Iye anatani?"

Apa Ikumi anachedwa. Mawu amodzi okha akanakwanira, ndipo panalibe wina womutsutsa. Mayiwo anali atapendekera kutsogolo, zala zitakanirira pa chikwama cha matawulo.

"Anapukuta kumaso ndi malaya."

"Analira?"

"Sindikudziwa, mayi."

"Sukudziwa bwanji? Unali momwemo! Ndi mchimwene wako!"

"Anali atandifulatira pang'ono. Ndipo munkatentha, anthu ena ankapukutanso thukuta. Mwina inali misozi. Mwina ayi. Sindikudziwanso ngati linali dzina la a Sonoko kapena lotsatira."

Mayi Hosoda anabwerera m'mbuyo n'kutsamira benchi.

"Ukanatha kungonena kuti analira. Zikanakukomera iwe."

"Munati ndisaname."

"Ndinatero." Anapumira m'mwamba. "Nanga iweyo anakuona?"

"Anandiyang'ana. Koma anauza oweruza kuti alibe abale." Misozi inalengeza m'maso mwake. "Mawu awo sanasinthe, mayi. Ndi omwe aja. Ndimayesa ndikawaona ndidziwa ngati ndiziwada kapena ayi. Ndatuluka ndisakudziwa."

"Usandilirire ine. Misozi ya kwanu ndilibe poiika."

Ikumi anameza misozi ija.

Mayiwo anaimirira, n'kukonza siketi, n'kukoleka chikwama paphewa. Anayenda pang'ono, n'kuima.

"Ndinalonjeza kuti ndikamuuza Sonoko zimene ndaona ndi maso anga. Sindinaone kanthu. Ndikapita ndi zako izi, za mwina misozi mwina thukuta, adziwa kuti ndi za m'kamwa mwa wina. Amene waona ndiwe. Ukanene wekha."

"Ine? Kuchipatala?"

"Ayi, ku msika. Kuchipatala, nanga kuti?"

"Lero?"

"Ukufuna tsiku liti, loti uyambe wakafunsa loya?"

"Malume akundidikira. Sakudziwa kuti ndanena dzina langa."

"Wanganso akudikira. Iye sangapite kwina."

Ikumi anayang'ana ku siteshoni, kumene sitima ya kwa malume inkanyamukira. Kenaka anatola ambulera yake. Anafika pafupi ndi mayiwo n'kutambasula dzanja kuti awalandire chikwama, monga mwana aliyense woleredwa amachitira.

"Usakhudze matawulo a mwana wanga. Ingonditsata. Tiyenda wapansi, ine pansi pa nthaka sinditsikanso."

Anatuluka m'pakimo, mayiwo patsogolo, Ikumi pambuyo. Atafika pa mphambano anaima kudikira magalimoto.

"Mayi," anatero Ikumi, "kodi a Sonoko amamva?"

"Amamva zonse." Mayi Hosoda sanacheuke. "N'chifukwa chake ukalowa, usanayambe za khoti, uyambe wamuuza kuti ndiwe yani."